Mayi Tsukuluzani ndi Chimzere cha Buluu

Ku Chegutu mukafunsa kwa mayi Dorica Jonasi, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mungoti "mayi Tsukuluzani", ngakhale wogulitsa tomato pamsika akulozerani: nyumba yachitatu kuchokera pampopi, ya chitseko chobiriwira, pomwe chingwe choyanikira chimapuma Lamulungu lokha.

Dzinali analipeza pamaliro. Amayi a Mvano anali atatsuka mbale zonse zodyera anamalira, misana itawawa, akupukuta manja kuti akakhale pansi. Mayi Dorica anafika, n'kutola mbale imodzi, kuinunkhiza, kuipendeketsa padzuwa, kenako n'kunena mosakweza mawu kuti, "Kutsuka mwatsuka, asisi. Tsopano tsukuluzani." Amayi ena awiri sanawapatsenso moni mpaka Khirisimasi. Koma mbalezo anazitsukuluza ndithu.

Ndiye tangoganizani mayi ameneyu kuuzidwa, ali ndi imvi kale, kuti ntchito yamuthera chifukwa satha kutsuka botolo.

Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi atamva kuti kuno chuma amachita kutola. Chimene anatola ndi thonje la mzungu, pafamu ina kufupi ndi Chegutu, mpaka msana unapindika. A Dorica anabadwira m'komboni ya pafamupo. Sukulu anailawa mpaka giredi faifi, kenako anatsata azakhali awo kokatola thonje ku Sanyati. Atatopa ndi dzuwa analowa fakitale ya nsalu m'tauni, mbali yonyika utoto, ndipo anakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri, zala zili buluu sabata ino, sabata yamawa zofiira.

Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti nsalu ndi yabodza. Imaoneka ngati yatha kutuluka utoto, koma ikafika kwa kasitomala, tsiku loyamba kuchapa imadetsa malaya oyera a mwamuna wake. Choncho sankafunsa nsalu, ankafunsa madzi. Ankatunga madzi otsiriza m'kapu yoyera n'kuyang'ana mtundu. Kenako ankawathira m'kabotolo n'kukhutchumula. Thovu likachedwa kufa, ndiye kuti sopo akadalimo, bwerezani.

Amuna awo, a Sitefano, anakumba golide ku Gadzema mpaka chifuwa chinawatulutsa pansi. Masiku ano amakhala pakhonde kukonza mawailesi omwe eni ake anawaiwala kale. Fakitale itaima, mayi Dorica anagulitsako tomato, koma ankawatsuka kwambiri moti ankaola msanga. Mwayi unabwera kudzera kwa mayi wina wa kutchalitchi, yemwe anamva kuti kalabotale kena ku Kadoma kakufuna munthu wotsuka magalasi, kutanthauza mabotolo ndi timachubu toyezera. Kuyambira pamenepo, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, amakwera kombi ya m'mawa, atakumbatira chikwama chokhala ndi sadza, nsima ya kuno, yadzulo ndi yunifolomu yosita.

Labotaleyo ndi zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yomwe kale inali ofesi ya ogula thonje. Mwini ntchito ndi Dokotala Ruramai. Si dokotala woti mungamuonetse mwana akutentha thupi, ndi wa matenda a ng'ombe ndi mapepala. Ndi bambo waulemu, wamtali, amene theka la tsiku amalitha kufunafuna magalasi a maso ali pamphumi pake. Pansi pake pali Tanyaradzwa, mtsikana wa madigiri awiri, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Agogo ake aakazi anali a ku Tete, ndiye Chichewa amamva chonse, koma kuyankha nthawi zambiri amayankha m'Chishona, monga achitira ana athu onse masiku ano.

Ntchito yawo ndi kuweta maselo. Musaseke. Maselo ndi tizidutswa tamoyo ta thupi la ng'ombe, tosaoneka ndi maso, ndipo amatiweta m'mabotolo apulasitiki athyathyathya, ogonekedwa m'kabati yofunda. Timamatirira pansi pa botolo ngati ndere pamwala. Chakudya chake ndi madzi apinki onga juwisi, osakaniza ndi seramu, yomwe ndi madzimadzi a magazi a mwana wa ng'ombe. Popanda seramu timanyala. Tikadya seramu timanenepa ngati nkhuku zachizungu.

Tsiku loyeza likafika, Tanyaradzwa amakhuthula chakudyacho, n'kusambitsa maselo ndi madzi amchere, n'kuwaswa ndi mankhwala kuti atulutse mapuloteni a m'kati mwake. Msuzi umenewo amauthira pamwamba pa jeli, kachinthu konjenjemera, koonekera mkati, kakakulu ngati chikhatho. Magetsi amakoka mapuloteniwo, iliyonse n'kuima pamalo pake, ndipo akaika utoto wa buluu pamaoneka timizere ngati makwerero. Iwo ankafuna kamzere kamodzi kakang'ono, kamene kamaoneka maselo akadwala.

M'malo mwake pankatuluka chimzere. Chinali chachikulu, chabuluu bii, chitakhala pakati penipeni pa jeli ngati mayi wonenepa amene walipira mpando umodzi m'kombi n'kudzaza itatu. Chimenechi sichinali cha maselo ayi. Inali puloteni ya mu seramu, ya m'chakudya chija, ndipo kamzere kofunikako kanali kataphimbika kunsi kwake. Chinatuluka koyamba, chinatuluka kachiwiri. Kachitatu, Dokotala anakhala pansi n'kuganiza monga aganizira anthu ophunzira. Tanyaradzwa ali ndi madigiri ndipo amatsata pepala lopachikidwa pakhoma. Madzi amchere amasungidwa m'mabotolo agalasi. Mabotolo omwewo nthawi zina amasungiramo seramu. Nanga amatsuka mabotolo ndani?

Lolemba m'mawa Dokotala anapita kusinki, n'kuima chapatali pang'ono, manja kumbuyo.

"Mai Jonasi, mamuka sei?"

"Ndadzuka, a Dokotala, kaya inu."

Anatsokomola, anayang'ana kudenga, kenako anafotokoza mwaulemu wonse. Anati akuganiza kuti mabotolo akumatsalira seramu. Anati sakunena kuti ndi ulesi, mwina ndi maso, paja zaka zimapita. Maselo otsiriza ayezedwa Lachisanu. Chimzere chikatulukanso, asiya magalasi, azigula madzi amchere opangiratu a m'mapulasitiki kuchokera ku Harare.

"Ndiye pakatero, amai, magalasi otsuka sadzakhalaponso."

"Ndamva, a Dokotala."

Mayi Dorica anatembenukira kusinki n'kutsegula mpopi, koma amene anawaona akuti botolo limodzi analigwira m'manja mpaka tiyi wa teni koloko.

Madzulo atafika kunyumba anapeza a Sitefano pakhonde, wailesi ili matumbo panja pamiyendo pawo. Atawauza, mkuluyo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Aikona! Inuyo, amake Lonjezo? Inu amene munanditsukuluza ine mpaka kachasu yense wa ku Gadzema anatuluka?"

"Musaseke, bambo. Ntchito ikutha."

"Ikatha mudzagulitsa tomato."

"Tomato si nkhani. Ndikachoka pamenepaja, ndichoka ndi dzina loti ndine wauve. Amayi a Mvano akamva, adzavina mpaka nsapato kuduka."

A Sitefano anasiya kuseka, chifukwa zimenezo zinali zoona. Anati, "Kumgodi, madzi akalowa, bwana ankamenya wa pampu. Koma madziwo ankachokera kwina. Mwayang'ana kwina?"

Lachiwiri sanayang'ane kwina. Anatsukuluza botolo lililonse kasanu ndi kanayi, mpaka zala zinachita makwinya, mtima ukuwauza kuti akulanga mabotolo osalakwa. Lachitatu ndiye anatenga chokolopera n'kupita nacho m'khonde la chipinda cha maselo. M'chipindamo saloledwa kulowa ntchito ili mkati, koma chitseko chake chili ndi kawindo kagalasi, ndipo palibe lamulo loletsa munthu kukolopa malo amodzi kwa mphindi khumi.

Tanyaradzwa anali ndi botolo limodzi lapadera loyeserera. Mayi Dorica anamuona akukhuthula chakudya chapinki chija. Mtsikanayo anathira madzi amchere pang'ono, kugwedeza kamodzi, kutaya. Kuthira, kugwedeza, kutaya. Kuthira, kugwedeza, kutaya. Zonse zinatha msanga kuposa kusamba kwa mwana wasukulu m'mwezi wa Juni. Atagoneka botololo, pakona pake panatsetserekera kadontho, ndipo maso aja amene Dokotala ankati akalamba anaona kuti kadonthoko kanali ndi kapinki.

Mayi Dorica anagogoda pagalasi ndi chikhadabo. Tanyaradzwa anatulutsa mutu.

"Chii, gogo? Ndiri pabasa."

"Ndikuona kuti uli pantchito, mwanawe. Madzi otsirizawo usataye onse. Ndithirire m'kachubu kotseka, undipatse."

"Muchite nawo chiyani?"

"Ndikamwere tiyi. Tabweretsa."

Mtsikanayo anapukusa mutu, koma anabweretsa. Mayi Dorica anavala magulovu, n'kupita naye kusinki. Anatenga kachubu kena, n'kuthiramo madzi amchere ochokera m'botolo lawo lagalasi, lomwe lija ankalinamizira. Anagwira kena kudzanja lamanja, kena kumanzere, n'kukhutchumula tonse tiwiri ngati akuimba maseche, kenako anatiimika pawindo.

M'kachubu ka madzi a m'botolo lawo, thovu linaphulika nthawi yomweyo, madzi n'kukhala mbee. M'kachubu ka Tanyaradzwa munakhala chisoti cha thovu loyera, osasuntha, ngati mowa wa m'bala.

Anadikira. Thovu lili pompo.

"Kusukulu kwanu anakuuzani kuti chimachita thovu chonchi n'chiyani?"

Tanyaradzwa anayankha motsitsa mawu. "Puloteni."

"Ife kufakitale tinkati sopo. Kaya ndi puloteni, kaya ndi sopo, m'botolo langa mulibe."

"Asi ndinotevedzera pepa, gogo!" Analoza pepala la pakhoma lija. Anati limanena m'Chingelezi kuti "wash", awache katatu, ndipo iye amawacha katatu, sanadumphepo n'kamodzi komwe.

"Kuwacha," anatero mayi Dorica, akulawa liwulo ngati ndiwo zosakolera mchere. "Vuto la amene analemba pepalali ndi umphawi wa mawu. Ali ndi liwu limodzi lokha, la mbale, la mwana, la galimoto, la maliro. Ife mbale timatsuka. Zovala timachapa. Thupi timasamba, kumaso timasukusula, m'kamwa timachukucha. Ndiye zonsezo zikatha pamabwera kutsukuluza, ndipo kutsukuluza sawerenga katatu. Amafunsa madzi ngati atha kulankhula. Iwe tinyama takoti ukungotisukusula ngati tikuchedwa kutchalitchi."

Tanyaradzwa anafuna kuseka, koma nkhope inakana. Anati iwo sakudziwa, maselo si nsalu ya jini. Ukawathira madzi mwamphamvu amasendeka n'kupita ndi madziwo, ndiye mwezi wathunthu wowaweta wapita m'ngalande. N'chifukwa chake amachita mofulumira, ndi madzi ochepa.

"Unachapapo diresi la ukwati?"

"Kwete," anakana mtsikanayo.

"Zikuoneka. Nsalu yopyapyala sauthira madzi pamutu. Madzi amatsikira m'mbali mwa beseni, ambiri, pang'onopang'ono, n'kuipeza okha. Umayendetsa beseni, osati nsalu. Ndipo botolo lakoli lili ndi denga, lili ndi khosi. Chakudya chija chimafikako ukamalinyamula. Umatsukako?"

Sankatsukako.

"Ukataya madzi, usathamangire kuthira ena. Liimike chopendekera, udikire. Zonse zobisala zitsikira pakona, uzikoke ndi kampope kako koyamwira madzi. Ukathira madzi atsopano pamwamba pa kadontho kakale, wangochulukitsa msuzi."

"Ndidikire nthawi yaitali bwanji?"

"Vesi imodzi ya nyimbo ya Mvano. Osati mothamanga ngati a kwaya ya achinyamata."

Apa mtsikanayo anayamba kuganiza ndi madigiri ake, ndipo tisamunyoze, mutu ali nawo. Anati seramu imakakamira papulasitiki penipenipo, moti ngakhale utatsuka bwanji ina imatsala pakhoma la botolo. Iye amathira mankhwala oswera maselo m'botolo momwemo, ndiye kuti mankhwalawo amatsukanso khomalo n'kutengera zonse mumsuzi.

"Ndiye bwanji umawaswera momwemo? Munthu amasambira m'mbale imene wadyera?"

Tanyaradzwa anati akhoza kuwapala kaye pang'onopang'ono, kuwasamutsira m'kachubu katsopano, kuwazunguza pamakina kuti akhale pansi, kuwatsukuluzanso kamodzi ndi madzi ozizira, kenako n'kuwaswa. Analemba zimenezi pachikhatho cha gulovu. Atatha anayang'ana chitseko cha ofesi ya Dokotala, n'kuyang'ananso timachubu tija pawindo.

"Gogo, musavaudze."

"Ine sindiuza munthu, mwanawe. Ndine wotsuka mabotolo. Koma Lachisanu likubwera, ndipo amene akupita kwawo ndi ine."

Anatenga chokolopera chawo n'kubwerera m'khonde.

Lachinayi masana Tanyaradzwa anatulutsa mabotolo otsiriza m'kabati. Mayi Dorica anali pakawindo kaja, akukolopa malo omwe anali owala kale. Botolo loyamba mtsikanayo analichita mwakale, kuthira, kugwedeza, kutaya, katatu. Mayi Dorica anaganiza kuti mwanayu wasankha kusunga nkhope yake. Koma mtsikanayo atatenga lachiwiri, anatsitsa madzi m'mbali, ambiri, n'kuliyendetsa mofatsa, kulitembenuza kuti madzi afike kudenga ndi kukhosi. Anataya, n'kuliimika chopendekera pa ayezi. Patangopita kamphindi dzanja lake linayamba kupita kukampope. Mayi Dorica anagogoda pagalasi, n'kuimika chala. Vesi inali isanafike ndi pakati pomwe. Anaiimba ndi milomo yokha, mpaka kumapeto, kenako anagwedeza mutu.

Anatero kasanu. Kachisanu Tanyaradzwa anathira madziwo m'kachubu, n'kukhutchumula, n'kukaonetsa pagalasi. Thovu linadzuka n'kufa.

Lachisanu mayi Dorica anavala yunifolomu yosita kawiri. M'chikwama anaikamo pepala lapulasitiki lopanda kanthu, loti atengeremo kapu yawo ndi masilipasi ngati zitavuta. Mpaka masana anatsuka magalasi awo, osayang'ana kumbali. Cha m'ma fili koloko anamva Dokotala akuitana.

"Mai Jonasi, tauyai kuno."

Jeli inali pagalasi lowala. Dokotala anali atawerama, akupapasa m'matumba.

"Ali pamphumi, a Dokotala."

Anawatsitsa. Pajelipo panali makwerero awiri oyandikana. Kumanzere chimzere chija chinali chitakhala monga mwa masiku onse, chodzaza mipando itatu. Kumanja kunali timizere tambirimbiri toonda, tooneka bwino lililonse, ndipo chapakati panali kamzere kamene anthuwa anakasaka miyezi itatu.

Dokotala anafunsa kuti kumanjaku agwiritsa ntchito madzi ati. Tanyaradzwa anati mbali zonse ziwiri ndi madzi amodzi, a m'botolo limodzi lagalasi, lotsukidwa ndi gogo. Chosiyana ndi dzanja lake. Kumanzere wachita monga amachitira kale, kumanja wachita monga gogo anamuonetsera. Ananena zonse, za kona, za denga, za kachubu katsopano, osabisa kanthu. Kenako anabweretsa timachubu tiwiri ta madzi otsiriza.

Dokotala anakhutchumula kamodzi, n'kuyang'ana. Anakhutchumulanso. Bambo wamkulu wa madigiri osawerengeka anaima pawindo akusewera ndi thovu ngati mwana amene wapatsidwa sopo koyamba.

"Munaphunzira kupi izvi, amai?"

"Kufakitale, a Dokotala. Mbali ya utoto."

Dokotala anavula magalasi, kuwapukuta, kuwabweza pamphumi. Anati, "Zvakanaka, zili bwino. Madzi a ku Harare aja sitiitanitsa. Magalasi athu tizigwiritsabe ntchito." Anthu ophunzira kupepesa kwawo n'komweko, ndipo mayi Dorica anakulandira ndi manja awiri. Koma sanachoke. Anawerama pajelipo, n'kuloza ndi chala chakumapeto mbali yakumanja ija, pomwe panali kachithunzithunzi kabuluu, kofooka, pamalo pomwe pankakhala chimzere.

"Nanga aka?"

Tanyaradzwa anati kameneko kamatsala nthawi zonse, ngakhale kumayiko akunja, ndipo sikasokoneza kanthu.

"Hmm," anatero mayi Dorica. "Mukanandipatsa ineyo."

Pepala la pakhoma lija analikonza. Tanyaradzwa anafufuta mzere wa kuwacha katatu, n'kulemba zonse zatsopano m'Chingelezi, koma pamutu pake anasowa liwu lokwanira, ndiye anangolemba ndi cholembera chofiira kuti TSUKULUZA. Akuti mlendo wina wochokera ku Harare analiwerenga n'kugwedeza mutu mwanzeru, n'kunena kuti njira ya Profesa Tsukuluza wa ku Japani anaimvapo.

Nkhaniyi inafika ku Chegutu mayi Dorica asanatsike kombi, paja mayi uja anawapezera ntchito sasunga mawu m'kamwa. A Sitefano anailandira pakhonde ndi "Mushe!" mmodzi yekha, kutanthauza kuti zayenda bwino, n'kubwerera kuwailesi yawo. Amayi a Mvano anakhumudwa pang'ono, koma anapirira mwachikhristu.

Lolemba lotsatira, nthawi ya tiyi itatha, Dokotala Ruramai anachita chinthu chimene sanachitepo zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwera yekha kusinki ndi kapu yake, anaitsuka ndi manja ake, n'kuiika pathandala mwaulemu, osafuna kuvutitsa munthu. Mayi Dorica anathokoza. Anadikira mpaka chitseko cha ofesi chitatsekeka. Kenako anatola kapuyo, kuinunkhiza, kuipendeketsa pawindo, n'kutsegula mpopi.